Kalata yotseguka kwa Kazembe wa dziko la India ku Malawi

Olemekezeka a Kazembe,

Ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo ndikupempha kuti ofesi yanu itithandize kudziwitsa atsikana athu za Mayi Janaki Ammal, katswiri wa zomera wa kwanuko.

Mayiyu adabadwira ku Thalassery, m'chigawo cha Kerala, mu 1897. Anzake akukwatiwa, iye adasankha sukulu, mpaka adakatenga digiri ya udokotala ku University of Michigan mu 1931. Komwe kumandigwira mtima kwambiri ndi ku Coimbatore, kumalo ofufuzira za nzimbe. Kumeneko ankakhala pa maikulosikopu kuwerenga ma chromosome (timaulusi ta m'kati mwa maselo tosunga chibadwa cha chamoyo) a nzimbe zakutchire zotchedwa Saccharum spontaneum, pofuna kudziwa mitundu yomwe ingakwatitsidwe kuti pabadwe nzimbe yotsekemera komanso yopirira nyengo ya India. Adafika pokwatitsa nzimbe ndi chimanga, mbewu ziwiri zomwe mwana aliyense wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa amazidziwa ngati chikhatho chake. Zonsezi ankachita akunyozedwa ndi ena pantchito, poti anali mkazi wosakwatiwa, wochokeranso ku fuko lomwe anthu ankaliyang'anira pansi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idampeza ku London. Mabomba akugwa, iye ntchito osasiya, ndipo mu 1945 iye ndi wasayansi mnzake C. D. Darlington adatulutsa buku la Chromosome Atlas of Cultivated Plants. Kenaka Nduna Yaikulu Jawaharlal Nehru adamuitanitsa kuti abwerere kwawo akakonze bungwe la boma lofufuza zomera la Botanical Survey of India. Atakalamba adalimbana nawo poteteza nkhalango ya Silent Valley, yomwe boma linkafuna kumangamo damu la magetsi. Adamwalira mu February 1984, nkhalangoyo n'kusanduka paki ya boma chaka chomwecho.

Atsikana omwe ndimaphunzitsa amalima, amadziwa mbewu yoyenera kusunga, koma ambiri amaganiza kuti labotale ndi ya anyamata. Kungowalimbikitsa pakamwa sikukwanira, a Kazembe. Akufunika kuona nkhope ya mayi wovala sari, wochokera m'dziko la alimi ngati lathu, amene adachita zimenezi.

Chonde, pa 4 November, tsiku lomwe adabadwa, konzani chionetsero cha zithunzi ndi ntchito zake mogwirizana ndi National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, muitane sukulu za atsikana. Ndipo pa mwayi wa maphunziro womwe boma lanu limapereka kwa Amalawi, patulani malo angapo a atsikana ofuna sayansi ya zomera, muwatche dzina lake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi, Zomba