Ana ali ndi sikelo, nanga agogo?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndiyankhule m'malo mwa anzanga aimvi. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala ku Balaka, limodzi mwa maboma atatu amene akafukufuku akhala akuyendera mabanja omweomwewo kuyambira 1998. Ena ndi Mchinji ndi Rumphi. Ntchitoyi amaitsogolera ndi akatswiri a yunivesite ya Pennsylvania ku America pamodzi ndi anzawo akuno kwathu. Poyamba mafunso ankakhudza kulera ndi Edzi, koma mu 2012 anayamba kutsata mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, pofuna kudziwa kuti munthu wa kumudzi amakalamba bwanji m'dziko losauka ngati lathuli.

Ntchito yotereyi ndi yosowa. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo uja wa DHS, amene boma ndi mabungwe amadalira pokonza mapulani, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo a zaka 15 mpaka 54. Mayi akangosiya kubereka, mafunso a thupi lake amatheranso pomwepo. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi asanu pa 100 aliwonse anali a zaka 60 kapena kuposera apo. Chiwerengero chimenecho n'choposa cha anthu onse a mumzinda wa Blantyre chaka chomwecho. Ndipo tikuchulukirabe, chifukwa chiyambire ma ARV aulere mu 2004, anthu amene tikanawaika m'manda kalekale ali moyo ndipo akumera imvi.

Zimene anapeza m'maboma atatuwa sizodabwitsa kwa ife okhala kumudzi, kungoti tsopano zinalembedwa. Mayi wa zaka 45 amayembekezeka kukhala zaka zoposa theka la moyo wake wotsala thupi likumukanika pa ntchito zina za tsiku ndi tsiku. Kuno ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi khasu, ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni, ndiye thupi likakana, nkhokwe nayo imakana. Anapezanso kuti nkhawa ndi kukhumudwa mumtima zimakula munthu akamakalamba, komanso kuti ambiri ali ndi BP yokwera osadziwa.

Pa BP pomwepa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mu 2013 akafukufukuwa anayeza anthu m'makomo mwawo, ndipo amene BP yawo inakwera kupyola mlingo anawapatsa kalata yoti apite nayo kuchipatala. Kalata basi, popanda ndalama kapena mankhwala. Atabweranso patatha zaka zinayi, anapeza kuti olandira kalata aja BP yawo inali yotsika poyerekeza ndi anzawo amene anatsala pang'ono kufika pa mlingowo ndipo sanalandire kanthu. Munthu akauzidwa kuti magazi ako akuthamanga, amachitapo kanthu: wina amayamba mankhwala, wina amachepetsa mchere m'ndiwo. Vuto ndi loti womuuza palibe.

Bwerani kwathu tsiku la sikelo mudzaone. Alangizi a zaumoyo amafika pa njinga, kumangirira sikelo panthambi ya mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, amayi n'kuyamba kuimba nyimbo za kulera podikira. Mwana aliyense amayezedwa, kulembedwa m'kabuku, kulandira katemera. Ndi ntchito yabwino ndipo yapulumutsa ana ambiri. Koma taonani amene wabereka mwanayo kumbuyo. Kawirikawiri ndi agogo, chifukwa mayi wake ali ku Joni, kapena anatisiya. Agogowo ayenda mtunda wautali mapazi otupa, afika akupuma mwabefu, akhala pansi atagwira mutu. Mdzukulu wayezedwa, iwo abwerera momwe anabwerera.

Kenako tsiku lina timamva kuti agwa kudimba, pakamwa papindika, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi. Kuchipatala amati sitiroko. Kumudzi amati amenyedwa hamala, ndipo pofika madzulo dzina la woponya hamalayo lapezeka kale. Sakhala mnyamata wa kabaza ayi, amakhala nkhalamba inzake, makamaka mayi wamasiye amene ali ndi munda umene ena akuusirira. Chimodzimodzi agogo amene mutu wayamba kuiwala: akatuluka usiku n'kusokera, kupezeka m'mawa pakhomo pa eni osavala bwino, anthu amati agwa m'ndege ya ufiti. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atamenyedwa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 aphungu athu anavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Ndikuyamika. Koma apolisi amafika nyumba itapsa kale. Mudzi umene unaona alangizi akuyeza agogo mwezi ndi mwezi, n'kumva kuti BP yawo ndi yokwera, suvutika kumvetsa chimene chawagwetsa.

Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo si lalikulu. Kamakina koyezera BP ndi ka mabatire, kamalowa m'chikwama cha alangizi. Tsiku la sikelo, ana akatha, ayezenso aliyense wa imvi amene wabwera, alembe m'kabuku kake ka kuchipatala. Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo nalonso okalamba amakhala atasonkhana kale pamalo amodzi, akudikira pamzere kuyambira m'mawa. Nthawi yodikirayo bwanji osaigwiritsa ntchito?

Ndikudziwa kuti wina anena kuti kuyeza kopanda mankhwala n'kungoopseza anthu. Akunena zoona. Ine ndemwe ndinapitako kuchipatala china kukatenga mankhwala anga a BP, n'kuuzidwa kuti atha, ndikagule ku famase. Ine ndinagula chifukwa ndili ndi kapenshoni. Anzanga ambiri analima moyo wawo wonse, ndipo khasu silipereka penshoni. Dziko la Lesotho linayamba kupereka ndalama kwa aliyense wa zaka 70 mu 2004, Zanzibar mu 2016, ndipo onsewa si olemera. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma mankhwala a BP okha asamasowe.

Kwa akafukufuku, mawu amodzi. Zimene mwapeza zili m'Chingerezi cholimba, m'mabuku a kunja. Amene anakupatsani mkono kuti muyeze amayankhula Chiyao, Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo amamvera wayilesi. Tumizani zotsatirazo ku mawayilesi a m'madera ndi kwa mafumu, m'zinenero zimenezi, kuti anyakwawa akamaweruza mlandu wa hamala akhale atamvapo za sitiroko.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Balaka