Chilengezo: Tikonze Madenga Mvula Isanagwe

Mamembala nonse a gulu lathu la eni nyumba kuno ku Kasungu,

Mvula yoyamba ili pafupi. Tikupempha kuti mwezi uno wa Okutobala aliyense ayendere nyumba yake. Lowani masana, tsekani zitseko ndi mazenera, muyang'ane kudenga. Paliponse pamene pakulowa kuwala, pamenepo padzadontha.

Kawirikawiri vuto limakhala misomali. Msomali uzikhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo ukhale ndi kalabala kake. Labalayo akapsa ndi dzuwa amang'ambika, ndiye zulani msomaliwo muike wina. Kungomata phula sikukhalitsa. Polumikiza malata, lapamwamba likwere pa lapansi masentimita osachepera 15, m'mbali likwere misana iwiri. Ambiri amachepetsa pofuna kupulumutsa lata limodzi, koma mvula yamphepo imakankhira madzi m'kati, matabwa n'kuwola, chiswe n'kupeza njira.

Pansi napo musaiwale. Khonde lizitsetsereka kuchokera kukhoma kuti madzi asadikhe pamaziko. Ming'alu muitseke ndi ndowa 1 ya simenti pa ndowa 3 za mchenga wosefa, muzithirira madzi masiku 7.

Amene muli ndi mipopi, tsekani yonse usiku, lembani manambala a pamita, m'mawa muwerengenso. Akasintha, paipi ikutaya penapake. Yambani ndi thanki ya chimbudzi, chifukwa imataya mwakachetechete.

Chonde musakwere padenga lonyowa kapena muli nokha. Ofuna makwerero a gulu alembetse kwa mlembi pamsonkhano wa Loweruka.

Komiti