Makina osungira deta ayesedwe asanagulidwe

A Mkonzi,

Ndikupempha maofesi a kuno ku Mangochi amene akugula makina osungira deta a ma SSD (madisiki opanda mbale yozungulira mkati) kuti asamangokhulupirira liwiro limene ogulitsa amalemba. SSD yatsopano imathamanga kwambiri, koma ikadzaza liwiro limatsika, choncho iyenera kuyesedwa itadzazidwa kale, pogwiritsa ntchito pulogalamu yoyesera liwiro la madisiki monga fio.

Kasanjidwe ka madisiki angapo ogwira ntchito limodzi, kotchedwa RAID, nakonso n'kofunika. RAID 10 imalemba chilichonse kawiri ndipo imadya theka la malo, pomwe RAID 6 imapirira ngakhale madisiki awiri atafa, koma kulemba kanthu kakang'ono kumafuna kuwerenga ndi kulemba maulendo 6 onse pamodzi. Kwa ine, woyesa azizula dala disiki imodzi kuti aone mmene makinawo akukwawira pamene akudzikonza, makamaka masana a mwezi wa Okutobala chipinda chitatentha.

Wowerenga wanu,
Mangochi