Kalata kwa mwana wanga pa za minti ya m'dimba

Mwana wanga wokondedwa,

Ndamva kuti wabzala minti pabedi limodzi ndi mbewu zina m'kadimba ka kuseri kwa nyumba yako. Ndakondwera kuti wayamba kukonda kugwira dothi, koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndikudziwa chimene chidzachitikire bedi limenelo ukangolekerera. Minti, imene ena amaitchula kuti timbewu tonunkhira, si mbewu ya chaka chimodzi ayi. Ikangogwira imakhala zaka zambiri, ndipo imayenda pansi pa nthaka pamene maso ako sakuona.

Tizingwe toyera timene udzatipeze ukakumba, timene anthu ambiri amati ndi mizu, kwenikweni ndi matsinde oyanga m'dothi, ndipo pa mfundo iliyonse pamatuluka mizu ndi mphukira yatsopano. N'chifukwa chake mtundu wa minti wotchedwa peppermint, umene unachokera pa kusakanikirana kwa mitundu iwiri ndipo subereka njere zoti n'kumera, umathabe kudzaza dimba lonse.

Zimenezi ndinazionera m'dimba langa iwe uli wamng'ono. Ndinabzala timitengo titatu tokha pakona, ndipo pofika chaka chachiwiri ndinapeza mphukira zitatulukira pakati pa mbewu zina, kutali ndi pamene ndinabzala. Ndinatenga khasu n'kugaula paliponse ndi mtima wonse, poganiza kuti ndathana nayo, koma patangopita masabata ochepa bedi lonse linabiriwira kuposa kale, chifukwa kachidutswa kalikonse kamene khasu linadula kanasanduka mbewu payokha. Ndinali nditaiwokera ndekha ndi manja anga. Khasu usaliyandikize pa minti, mwana wanga.

Uizule panopa isanafike patali. Sankha tsiku limene dothi lili ndi chinyezi, ulifewetse ndi foloko yokumbira m'dimba, kenako ulondole tsinde lililonse ndi zala mpaka kumapeto kwake, ukulikoka pang'onopang'ono kuti lisaduke. Ubwino wake ndi wakuti matsindewa sapita pansi kwambiri. Ambiri amakhala m'dothi lapamwamba. Ena adzatsalirabe, choncho sabata iliyonse uzibwererapo n'kuzula mphukira iliyonse ikangotuluka, kufikira zimene zatsala pansi zitatha mphamvu chifukwa chosowa masamba ozidyetsa. Zimene wazulazo usaziponye m'dzenje la manyowa zili zaziwisi, chifukwa zidzaphukira momwemo ndipo udzazibweza wekha m'dimba pothira manyowa. Uziyanike padzuwa, pamalo ouma, mpaka zizithyoka ukazipinda.

Sindikukuuza kuti uitaye yonse, pakuti ndi mbewu yabwino ndipo fungo lake ndimalikonda mpaka lero. Usankhe zidutswa ziwiri kapena zitatu zathanzi uzibzale mumphika wa maluwa kapena mundowa yakale yoboola kunsi, n'kuiika pasimenti kapena pamwala, chifukwa ikakhala padothi matsinde amatulukira m'mabowo a madzi n'kuloweranso pansi. Ngati ukufuna kuti izioneka ngati ili pabedi, ukwirire ndowa yakuya masentimita 30 kapena kuposerapo, koma mlomo wake utsale pamwamba pa dothi masentimita 5. Ngakhale utatero uziyang'anirabe, popeza nthambi ikagona n'kukhudza dothi kunja kwa ndowa imamera mizu pomwepo. Zoterozo uzizidula msanga.

Minti ya mundowa imauma msanga, choncho uziithirira kawirikawiri, ndipo kumalo otentha kwambiri imakonda kamthunzi masana. Uzitsina nsonga kuti ichite nthambi zambiri, ndipo uzikolola isanachite maluwa, pamene masamba ali ndi fungo lamphamvu. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu udzaona pakati pakufa, masamba akuchepa, mphukira zikungozungulira m'mphepete. Imeneyo si nthenda, koma matsinde adzazana. Uikhuthule, ugawe zidutswa za m'mbali zimene zili zanthete, uzibzale m'dothi latsopano, zapakatizo uziyanike.

Nthenda imene uyenera kuiopa ndi ya timadontho tofiirira ngati dzimbiri kunsi kwa masamba. Ukationa, dula nthambi zonse mpaka pansi n'kuziwotcha, ndipo ikabwereranso ndi bwino kuyambiranso ndi mbewu ina yathanzi m'dothi lina. Pothirira uzithira patsinde, osati pamasamba.

Anzako akadzakupempha mbewu, uwapatse, koma uwauzenso za ndowa ija asanabzale. Ukamaliza kuzula undilembere, undiuze kutalika kwa tsinde lalitali kwambiri limene walipeza, kuti ndidziwe ngati kuzula kamodzi kukwanira kapena pafunika kuphimba bedi lonse ndi pulasitiki yakuda kwa miyezi ingapo.

Ndine mayi ako okukonda.