Mitengo ya mankhwala tiziyeza ndi malipiro

A Mkonzi,

Zoyerekeza mitengo ya mankhwala pakati pa mayiko pongoisintha kukhala madola n'zotipusitsa. Achemwali anga ku Johannesburg amamwa mankhwala a BP omwe ndimamwa inewa, pa dola sitisiyana kwenikweni koma iwo sazimva pomwe ine mwezi ukatha ndimachita kukongola. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mtengo wa pa dola sunasunthe, ife ku famase tinalira.

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe loona za mankhwala la Health Action International amawerenga masiku amene wantchito wa boma wolandira zochepetsetsa angagwire kuti agule mankhwala a mwezi. A Unduna wa Zaumoyo azitipatsa mitengo mwa njira imeneyi, ndipo ma jeneriki (mankhwala omwewo koma opangidwa ndi makampani ena, osati omwe anawayambitsa) aziwaika paokha.

Wowerenga,
Zomba