Utsi wa ma Hiace akalewa watikwana

Akonzi,

Ndilankhuleko za ma Hiace akale amene timaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, ambiri amafika atayenda kale mtunda wautali zedi ndiye ukaima pa Ginnery Corner m'mawa utsi wake umachita kutsamwitsa, ana asukulu nkumapuma zomwezo. Eni ake amangothamangira mabuleki ndi magetsi kuti COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ituluke basi. Komatu utsi wakuda pa dizilo kawirikawiri ndi ma injector (opopera dizilo mu injini) kapena air filter yotsekeka, wabuluu ndiye kuti injini ikudya oilo, zonsezi amakaniko amakonza bwinobwino. Amene amandiwawa kwambiri ndi ochotsa catalytic converter, chipangizo cha ku ekizozi chochepetsa poizoni wa mu utsi, nkukagulitsa. Chonde poyeza galimoto utsi nawonso aziuyang'anitsitsa, ikamafuka ibwerere kugalaja kaye.

Wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre