Bwalo lomwe helikopita ikutera lisadzaze anthu oonerera

Kwa Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chimene chazika mizu pakati pathu, chothamangira pamalo pamene helikopita ikutera, chifukwa ndikuopa kuti tsiku lina tidzakhala pa maliro amene tikanatha kuwapewa ndi uthenga wochepa chabe wolengezedwa pa wailesi, m'sukulu ndi m'mapemphero.

M'nyengo ya misonkhano yokopa anthu ya chisankho cha 2025 ndinali pabwalo la mpira la sukulu ina kunja pang'ono kwa mzinda wa Mzuzu, pamene helikopita inabwera ndi alendo. Isanagunde n'komwe pansi, mphepo ya mapiko ake inadzutsa fumbi lofiira loti sitinkaonana, ndipo malata awiri amene anali atatsamiritsidwa kukhoma la khitchini yophikira phala la ana anauluka ngati mapepala. Limodzi linakagwa pafupi ndi mayi wina amene ankagulitsa zitumbuwa, beseni lake n'kugubuduka. Apolisi analipo ochepa ndipo maso awo anali pa khamu la kutsogolo, moti palibe amene anaona mnyamata wa zaka ngati 9 akuzembera kumchira kwa ndegeyo, kufikira bambo wina anamudumphira n'kumukoka ndi kolala ya yunifolomu. Anthu anaseka, ena n'kuwomba m'manja, koma ine thupi linachita tsembwe, chifukwa timapiko ta kumchira timazungulira mothamanga kwambiri moti diso silitiona, ndipo woyendetsa ndege sangaone chimene chikuchitika kumbuyo kwake. Lamulo lake ndi lachidule: munthu amayandikira helikopita chakutsogolo kapena cham'mbali, woyendetsa akumuona ndiponso atamukodola, ndipo ngati malowo ndi otsetsereka amadzera kumunsi, popeza kumtunda mapiko aakulu aja amadutsa pafupi ndi nthaka.

Koma chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi china chimene ambiri sitichiganizira. Anthu amakhulupirira kuti injini ya helikopita ikazima m'mwamba, ndegeyo imagwa ngati mwala. Sizili choncho. Aliyense amene anayendapo m'nkhalango ya Chikangawa anaonapo njere ya paini ikuthothoka n'kumatsika pang'onopang'ono ikuzungulira ndi kaphiko kake. Helikopita nayo imatha kutsika chomwecho: woyendetsa amatsitsa msangamsanga chogwirira cha kudzanja lake lamanzere kuti mapiko asalimbane ndi mphepo, ndipo mpweya wochokera pansi umapitiriza kuwazunguza ngakhale injini ili zii. Akatsala pang'ono kufika pansi amadzutsa mphuno ya ndegeyo kuti liwiro lichepe, kenako amagwiritsa ntchito mphamvu yotsala m'mapikomo kuti atere mofewa. Oyendetsa helikopita onse amaphunzira zimenezi asanalandire chiphaso. Vuto lake ndi nthawi. Potsika motero ndege imataya mamita 8 mpaka 10 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti amene injini yamuzimira ali mamita 150 m'mwamba ali ndi masekondi osakwana 20, ndipo mwayi wotera ndi umodzi wokha, palibe zobwereranso m'mwamba kuti ayesenso. Munthu ameneyo amafuna malo apululu amene ali pafupi, ndipo m'midzi yathu malo otero kawirikawiri ndi bwalo la mpira lomwe lija ife taunjikanapo ndi mafoni m'manja. Tikadzaza bwalo timakhala tamulanda malo opulumukirapo, n'kumusiya kuti asankhe pakati pa mitengo, nyumba ndi ana athu.

Nkhaniyi imakula kwambiri pamene helikopita yanyamula katundu wolendewera pa chingwe. Tinaona m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, kuti madera ena sankafikika konse kupatula pa ndege, ndipo mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zawo kudzathandiza. Ife a kumpoto tisamaone ngati zimenezo ndi za kummwera kokha. Mitsinje ya ku Karonga imasefukira kawirikawiri, msewu wa pa Chiweta umagumuka mvula ikachuluka, wa ku Usisya ndi wodziwika kale, ndipo ku Ruarwe anthu amadalira boti ndi miyendo. Tsiku limene ufa, mankhwala kapena jenereta zidzafunika kutsitsidwa pamalo poti ndege singatere, zidzabwera mu ukonde womangidwa ku chingwe chokolekedwa pa ngowe ya kumimba kwa helikopita.

Ntchito imeneyi ndi yoopsa pa chifukwa chimene chikugwirizana ndi zomwe ndafotokoza kale. Ponyamula ndi potsitsa katundu, ndege imaima malo amodzi m'mwamba pang'ono, ilibe liwiro ndiponso ilibe mtunda wokwanira woti itsike ngati njere ya paini ija injini itavuta. N'chifukwa chake ngoweyo inapangidwa kuti woyendetsa athe kuimasula nthawi yomweyo ndi batani la magetsi, ndipo pali njira ina ya pamanja yoimasulira batani likakana. Zinthu zikasokonekera, chinthu choyamba chimene amachita ndi kutaya katunduyo kuti apulumutse ndege ndi anthu ali m'katimo, ndipo sakhala ndi mpata woti ayambe wafuula kuti pansipo muchoke. Helikopita ya mtundu wa Mi-17, imene mapiko ake ndi otambalala mamita 21, imatha kunyamula pa chingwe katundu wa matani pafupifupi 4, amene ndi matumba 80 a chimanga a makilogalamu 50. Aliyense aganizire yekha matumba 80 akugwera nthawi imodzi pagulu la anthu amene akudikira kulandira thandizo. Ku America lamulo la maulendo a ndege limanena kuti wofuna kunyamula katundu wolendewera pamwamba pa malo okhala anthu ambiri ayambe wapereka dongosolo lake kuti livomerezedwe, ndipo m'dongosolomo mukhale mgwirizano ndi akuluakulu a deralo woti anthu osakhudzidwa ndi ntchitoyo achotsedwe pamalopo. Ife sitifunika kudikira ngozi kuti tione nzeru ya lamulo lotero.

Palinso zina zimene anyamata ongodzipereka, amene nthawi zambiri ndiwo amatsitsa katundu, sauzidwa. Helikopita ikamauluka imadziunjikira magetsi, ofanana ndi aja amathetheka tikamavula juzi ya nayiloni mumdima koma amphamvu kwambiri, moti munthu wothamangira kugwira ngowe kapena chingwe chisanakhudze nthaka akhoza kugwetsedwa pansi. Odziwa ntchitoyi amayamba aikhudza ndi ndodo yolumikizidwa ku nthaka. Katundu wopepuka koma wotambalala, monga malata, matiresi ndi mathanki opanda madzi, amavuta kuposa matumba a simenti, chifukwa amazungulira ndi kupendeka ndi mphepo ndipo akhoza kukwera n'kukakola kumchira. Ngakhale chingwe chopanda katundu chikhoza kuchita zomwezo.

Ndiyeno pali mtima wathu wa pa matola, woti nthawi zonse malo a thumba limodzi sasowa. Minibasi ikadzaza mopitirira muyeso imakwera chitunda mokoka, koma helikopita ikalemedwa imalephera kuima m'mwamba n'kukhala pansi pomwe yafuna yokha. Mphamvu ya mapiko ake imadalira kuchindikala kwa mpweya, ndipo mpweya umapepuka malo akakhala okwera ndiponso kukatentha. Nyanja ya Malawi ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, pamene mapiri a Nyika amapitirira 2,000. Katundu amene wanyamulidwa bwinobwino ku Karonga m'mamawa akhoza kukhala wolemera mopitirira muyeso pokamutsitsa ku Nyika masana a mwezi wa Okutobala. Choncho woyendetsa akati matumba awiri atsale, asamaonedwe ngati wouma mtima, ndipo wolemba kulemera kwa katundu asamachepetse manambala pofuna kukondweretsa mfumu kapena khansala.

Za nyengo sindinena zambiri, chifukwa ife a kuno bala la pa 10 Juni 2024 silinapole, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inkapita ku Mzuzu inagwa ku Chikangawa nyengo ili yoipa, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 anamwalira. Imeneyo sinali helikopita, koma nkhungu ya m'mapiri a Viphya sisankha mtundu wa ndege. Ubwino wa helikopita ndi woti ikhoza kutera m'munda kapena m'dambo n'kudikira kuti kuyere. Woyendetsa amene wachita zimenezo wachita ntchito yake molondola, ngakhale bwana amene wamunyamula achedwe ku msonkhano. Anthu a m'mudzi umene yaterawo aime patali mpaka mapiko ataimiratu, asayandikire ndi fodya kapena moto, ndipo ngati ndegeyo yawonongeka athandize ovulala koma asatole zidutswa zake, popeza ofufuza ngozi amazifuna zili pomwe zinagwera. Ndiyenera kutchulanso za mafuta, poti tonse tinaonapo anthu akuthamanga ndi zigubu galimoto ya mafuta ikagubuduka: mafuta a helikopita zambiri ndi achibale a palafini, ndipo injini yake imakhala yotentha kwa nthawi ndithu itazimitsidwa.

Pempho langa likupita ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi makhonsolo a maboma a chigawo chino, pamodzi ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi. Mvula isanayambe, dera lililonse lisankhiretu bwalo limodzi kapena awiri otererapo, alembedwe pomwe ali, ndipo m'kaundulamo mutchulidwe mitengo itali, mapolo a zigoli ndi mawaya a magetsi, chifukwa waya saoneka bwino munthu ali m'mwamba. Pakhale anthu angapo ophunzitsidwa amene azidziwa kuchotsa malata, mapulasitiki ndi ziweto, kuwaza madzi pa fumbi, ndi kuimika khamu kunja kwa bwalo lonse, osati m'mphepete mwa ndege. Njira imene katundu wolendewera adzadutse isapyole pamwamba pa msika, sukulu kapena msasa wa anthu othawa madzi. Uthenga umenewu upite pa mawailesi a m'madera m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde, ndipo aphunzitsi apatsidwe tsamba limodzi loti awerengere ana pa asembule, chifukwa ana ndiwo amafika patsogolo pa aliyense.

Sabata yatha ndinadutsanso pasukulu ija. Malata aja anabwezeredwa kukhoma la khitchini osamangidwa, ndipo waya wa magetsi wopita ku nyumba za aphunzitsi umadutsa pakona ya bwalo, chakumbuyo kwa chigoli cha kumadzulo.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Katoto, Mzuzu